Kagalimoto Kofiira ka Amalume ndi Mabatire a Mudzi Wonse

Kanali kofiira ngati tsabola wakupsa, ndipo kutalika kwake kunali kuyambira pachigongono changa kufika kunsonga ya chala. Kumbuyo kwake kunali kawaya koimirira kamene kankanjenjemera ngakhale popanda mphepo. Kanabwera ndi kabokosi kakuda kokhala ndi timitengo tiwiri tokankha ndi chala, ndi mlongoti wosolola ngati wa wailesi. Ukakankha kamtengo kuno, kagalimoto kali poteropo kankanyamuka. Panalibe chingwe, panalibe woukankha. Ndagwira ntchito ya magetsi moyo wanga wonse, ndikudziwa bwino lomwe zimene zinkachitika m'kati mwake, koma mpaka lero ndikakumbukira mmene kanayendera koyamba pabwalo lathu, tsitsi limandiima.

Anabwera nako ndi amalume, pochokera kumigodi ya kopa ku Zambia. Anatsika lole ya ku Mbinga ali psuu ndi fumbi, atanyamula sutikesi imodzi, chifuwa chosatha, ndi kagalimotoko atakakulunga m'malaya. Amayi anawakumbatira achimwene awo, koma maso ali kulole, kudikira kuti katundu wina atsitsidwe. "Wina akubwera pambuyo, achemwali," anatero amalume. Katunduyo sanafike. Kaya akali m'njira, sindikudziwa.

Ine nthawi imeneyo ndinali pakhomo pa Mbamba Bay anzanga akali kusekondale ku Songea. Anandibweza tchuthi chisanakwane chifukwa cha mbuzi ina imene inapezeka m'mawa itavala mkanjo wa aphunzitsi aakulu. Mlanduwo unagwera ine, ngakhale mbuziyo inkaoneka kuti ilibe dandaulo. Motero miyezi yotentha yonse ija, mango akuyamba kufiira, mvula isanagwe, ndinali ndi mutu wodzaza masamu a Fomu Thuu ndi manja opanda chochita. Amayi ankati kuphatikiza koteroko n'koopsa kuposa palafini pafupi ndi moto.

Amalume anali munthu wa nkhani. Ankakamba za zikepe zotsika pansi pa nthaka mpaka makutu kutseka, za injini zazikulu ngati tchalitchi zimene iwo ankazidzutsa m'mawa ndi dzanja limodzi, za azungu amene ankawaitana pakavuta. Ankakamba m'Chichewa chathu chapakhomo, m'Chiswahili chothyokathyoka kumsika, ndipo pakasowa mawu ankamalizira ndi manja. Koma nkhani imene inawaika m'mavuto inali yaing'ono kwambiri. Ananena pagulu kuti kagalimoto kaja, kakadya mabatire atsopano, kamapitirira njinga.

Mabatire atsopano! Zaka zimenezo, za midzi ya ujamaa, pamene boma linkati tizikhala ndi kulima limodzi, ukapita kusitolo ya mudzi kukafunsa batire, wogulitsa ankayankha asanatukule n'komwe mutu: "Hakuna." Ndiye kuti palibe: sopo hakuna, shuga hakuna, batire hakuna. Choncho batire silinkatayidwa. Likafooka tinkaliluma ndi mano a m'mbali kapena kulitswanya pang'ono ndi mwala, kenako n'kuliyanika padzuwa. Nyumba iliyonse yokhala ndi wailesi inali ndi mwala wake kapena lata lake, ndipo masana onse mabatire ankaotha dzuwa pafupi ndi usipa wapathandala, kuti madzulo wailesi ilankhuleko pang'ono. Mabatire oterewa ndi amene amalume anaika m'kagalimoto tsiku limene amuna a kudoko anati tiyeni tione. Kanayenda ndithu. Koma kanayenda monyang'wa, pang'onopang'ono, ndipo bakha wa oyandikana nawo anakadutsa osathamanga, akupita kokamwa madzi.

Kuyambira tsiku limenelo amalume anatchedwa Bwana Spidi. Ana ankawaitana dzinalo atabisala kuseri kwa miyala.

Ine kufooka kwa kagalimotoko sindinakuone ngati vuto poyamba. Ndinakavindikira ndi lichero la amayi, n'kubisala m'khitchini ndi kabokosi. Mayi wina wa kwaya atabwera kudzabwereka mchere, lichero linanyamuka lokha pakhonde, linadutsa pabwalo mwaulemu, n'kukaima pamapazi awo. Mayiwo anatchula mayina onse oyera amene ankawadziwa, ena a m'Chipangano Chakale, n'kulumpha mpanda umene mbuzi zinkaulephera. Ndikanakhala ndi mwayi ndikanachitanso mawa lomwe.

Zinthu zinasintha pamene mudzi unalandira chigayo. Injini inafika pa sitima, inakokedwa pamitengo kuchokera kudoko, n'kuikidwa m'nyumba ya njerwa zosaotcha. Pankafunika munthu woiyendetsa, ndipo komiti ya mudzi inati idzasankha mvula isanayambe. Amalume anapereka dzina lawo. Chifuwa chija sichikanawalola kupalasa bwato kapena kukoka khoka, ndipo khasu ankaligwira pang'ono n'kukhala pansi. Chigayo chinali ntchito yokhayo imene ikanawachotsa pamphasa ya mlongo wawo. Koma tcheyamani wa mudzi anayankha pamaso pa anthu kuti injini ya anthu onse sangaipereke kwa munthu wobwera, amene umboni wake ndi pakamwa pokha. "Ngati ananama za kagalimoto ka ana, za injini zazikulu ngati tchalitchi titani nazo?"

Amalume anasiya kupita kumsika. Ankakhala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mbwemba, osakamba nkhani iliyonse. Pakhomo panakhala zii, ngati achotsapo mtsinje. Tsiku lina ndinamva amayi akuwauza motsitsa mawu kuti, "Achimwene, mukanangonena kuti kamapitirira nkhuku."

Apa m'pamene ndinaganiza zowombola amalume ndi masamu. Kusukulu anatiphunzitsa kuti liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi. Ndinalibe wotchi, koma ndinali ndi mpweya. Ndinakagoneka chagada kagalimoto, ndinamanga ulusi wa amayi kutayala, n'kuliyendetsa m'mwamba kwa nthawi imene ndinatha kugwira mpweya. Ulusi umene tayala linakulunga ndinauyala pansi, ndinachulukitsa apa, ndinawonjezera apo poganizira mabatire atsopano, ndikulemba ndi khala pakhoma la kumbuyo. Yankho linatuluka lakuti kagalimoto ka amalume kangathe kupitirira lole ya ku Mbinga, n'kukafika kumudzi wa Ndumbi dalaivala asanasinthe giya. Ndinathamangira kwa aphunzitsi anga akale a kupulayimale, amene analinso mlembi wa komiti, ndiponso mwini wake wa njinga yabwino yokhayo m'mudzi.

Aphunzitsi anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anachita chinthu chimene sindinachiiwale. Anachotsa babu mu tochi yawo, analilumikiza ndi tiwaya tiwiri kumabatire a m'kagalimoto, n'kuti ndikayendetse matayala ali m'mwamba. Babu linawala bwino. Atatero anakakanikiza pansi kuti matayala agwire dothi. Pompo babu linafiira, linatsala ngati khala lomwe likuzima, ndipo kulira kwa mota kunatsika ngati munthu amene wamenyedwa m'mimba. Anakatukula, babu linawalanso. Anakatsitsa, linafooka.

"Waona? Batire likakhala pansi ndi ngwazi. Uliyese litasenza katundu."

Ndinayang'ana babu lija likupuma ngati chamoyo, ndipo ndinachita mantha okoma. Ndinali ndisanaganizepo kuti mphamvu ingagwade. Lero ndili ndi mita yoyezera mavoliti, ndipo ndimafotokozera anyamata anga kuti batire lokalamba lili ngati chitsime chodzaza mchenga: ukasuzumira madzi akuoneka, ukatunga mwamphamvu ndowa ikubwera theka. Koma tsiku limenelo ndinangoona kuti m'kanthu kachitsulo komata pepala munali chinachake chotopa, chimene chimayesetsa, chimalephera, n'kudzukanso ukachipumitsa.

Ndinayambiranso, tsopano matayala ali pansi. Popeza wotchi panalibe, ndinapanga makwerero a zamoyo. Ndi mabatire ozizira a m'mawa, kagalimoto kankatsalira bakha. Ndi oothetsedwa dzuwa, kankalingana ndi nkhuku imene ukuipirikitsa mosafuna kuigwira. Ndi mabatire a wailesi ya amayi, amene anali abwinoko ndipo ndinawabwereka iwo ali kumadzi, kanatsala pang'ono kumupeza mlongo wanga wamng'ono akuthamanga, mpaka pamtengo wa mango, pamene kanagwada. Mphamvu ya mabatire ndinkaiyeza ndi lilime. Unkawasanja mutu ndi mchira, waya kuchokera pansi, nsonga ya lilime pakati pa waya ndi kachipewa ka pamwamba. Ofooka ankangokoma ngati msomali wadzimbiri. Abwinoko ankawawasa ngati bwemba wosapsa. A wailesi ya amayi ankatsina pang'ono.

Ndinajambula zonsezi pamchenga: msomali ndi bakha, bwemba ndi nkhuku, kutsina ndi mlongo wanga. Madonthowo anakwera mumzere, molunjika bwino, ngati akudziwa kumene akupita. Ndinaupitiriza mzerewo ndi kamtengo kupyola pamene ndinayeza, kulowa kumalo amene munthu aliyense wa m'mudzi mwathu anali asanafikeko, ndipo unadutsa galu, n'kulunjika kunjinga. Chotsala chinali kudziwa pamene mabatire atsopano amaima pamakwererowo. Ndinawafunsa amalume kuti atsopano, onse pamodzi, amamveka bwanji palilime. Iwo anati, "Amaluma ngati linthumbu, mphwanga."

Basi. Sindinkafunanso mabatire atsopano. Ndinkafuna linthumbu. Ngati batire limodzi lotopa likupereka theka, awiri otopa apereka chathunthu. Ukawonjezera ena olipirira kugwada kuja, wafika. Kabokosi ndi makutu a kagalimoto, omvera kabokosiko, zinali ndi timabatire take tating'ono ta makona anayi, tosadya zambiri, timene amalume ankatisunga m'chitini ngati mankhwala. Njala inali ya mota yokha.

Tsiku la munda wa ujamaa, akuluakulu onse ankapita kukalima limodzi, ndipo wotsala pakhomo ankaitanidwa kukomiti. Mudzi unkatsala ndi ana, nkhuku, ndi mabatire ali ndanda pamiyala. Ine ndinadwala m'mimba m'mawa umenewo, matenda amene anatha khasu lomaliza litangokhota pakona. Ndinatenga dengu ndi mlongo wanga, tinayenda nyumba ndi nyumba ngati otola zopereka. Anali otentha m'manja ngati mbatata zootcha. Ena anali otupa, ena akutuluka thovu loyera, ena opindika ndi mano mpaka osaimanso. Ndinakhala pansi pa mbwemba n'kuwalawa onse, limodzilimodzi, kusankha amoyo.

Ndinadula nsungwi ziwiri, ndinaziboola mfundo, n'kuyamba kulongamo. Ndikaika angapo, ndilawe. Bwemba. Ndiwonjezere, ndilawe. Bwemba yemweyo. Ndiwonjezerenso. Kutsina pang'ono. Linthumbu osabwera. Chimene sindinadziwe n'chakuti lilime limene lanyambita mabatire a mudzi wonse kuyambira m'mawa limakhala litafa kale. Mita yanga inali itaonongeka, ndipo inali m'kamwa mwanga momwe. Ndinapitiriza kulonga mpaka nsungwi zonse ziwiri zinadzaza, ndipo pamene ndinamva kuluma kumene ndinkafuna, mlongo wanga, amene anangogunditsa lilime lake latsopano, anakuwa n'kukhala pansi. Ndinamuuza kuti ndi wamantha. Ndinamanga nsungwizo mbali ndi mbali ndi mphira wa chubu, ndipo kagalimoto kanaoneka ngati bulu wosenza mitolo.

Msewu wochokera kumunda unkatsetsereka pang'ono kulowera kudoko, wouma gwa, wosalala chifukwa cha mapazi. Ndinabisala kuseri kwa chimwala cha m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu. Anthu anatulukira ali chigulu, makasu paphewa, thukuta lili chuchuchu, tcheyamani pakati, amayi ndi amayi anzawo pambuyo, amalume kumapeto kwenikweni akutsokomola. Patsogolo pa onse panali aphunzitsi panjinga yawo, akupalasa mwaulesi, khasu atalimanga pakaliyala. Atangodutsa chimwala changa ndinaika kagalimoto pakati pa msewu, n'kukuwa ndi mawu anga onse: "Aphunzitsi, palasani!"

Ndinakankha kamtengo.

Kulira kumene kanalira sindinakumvenso kwina kulikonse. Sikunali kung'ung'udza kwa masiku onse. Kunali kulira kwa mavu aakulu ngati mbuzi, kokwera, kokwerabe, mpaka m'mano. Matayala anakumba pansi, timiyala tinandiwaza kumaso, ndipo kanachoka. Sindinakaone kakunyamuka, ndinangoona pamene kanali, ndi mchira wa fumbi utaima mumsewu. Aphunzitsi anacheuka, anaona chinthu chofiira chikubwera, ndipo munthu wamkulu uja, wa magalasi, mlembi wa komiti, anaimirira pamapedulo n'kupalasa ngati mnyamata. Malaya anafufuma kumsana. Khasu linkagunda kaliyala, ngwe ngwe ngwe. Anapalasa moona mtima, ndipo pachifukwa chimenechi ndimawalemekeza mpaka lero.

Kanawapeza pafupi ndi mtengo wa mkuyu. Kwa kamphindi kanayenda pambali pa tayala lakumbuyo, kenako lakutsogolo, kawaya kake katagonera m'mbuyo ngati udzu m'madzi othamanga. Kenako kanawasiya. Sikanawapitirire mozemba ayi. Kanawasiya ngati aima. Ndinapotoza kamtengo kuti kakhote, koma sikanamve. Kanali katathawa mawu a kabokosi, katapita kutali kumene ulamuliro wanga sunkafika, ndipo kankathamanga kokha, mwa kufuna kwake, kulunjika kunyanja yowala ngati lata. Ndinaima pamsewu kabokosi kali m'manja, pakamwa pali yasa, ndikumva ngati ndatsegula khola la chinthu chimene sindinkachidziwa.

Kanakafera pamchenga, pafupi ndi mabwato. Utsi wabuluu unakwera woongoka, wopyapyala. Fungo linatipeza tisanafike: tsitsi lopserera, penti, ndi china chowawa chogwira kukhosi. Nsungwi imodzi inang'ambika, mabatire ali mbwee.

Mudzi wonse unaima mozungulira. Mafunde okha ndiwo ankamveka, ndi kupuma kwa aphunzitsi. Kenako tcheyamani anatsitsa khasu lake pansi, n'kunena m'Chiswahili, motsitsa ngati ali m'tchalitchi, "Kumbe ni kweli." Zoonadi, eti. Mitu yonse inatembenukira kumtunda, kumene amalume ankatsika okha, pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa. Anthu anawapatukira njira.

Ulemerero umenewo unatha pamene mayi wa kwaya uja anawerama, natola batire limodzi, naliyang'anitsitsa. "Awa ndi mano a amuna anga awa!" Munthu aliyense ankadziwa batire lake ndi zipsera za mano a pakhomo pake. Panabuka chipwirikiti, aliyense akufukula mchenga, ndipo maso onse anachoka kwa amalume n'kubwera kwa ine. Mabatirewo anali atafinyidwa mpaka dontho lomaliza. Dzuwa la mwezi wonse silikanawadzutsa. Mawailesi a Mbamba Bay anakhala chete mpaka sitima ina inabweretsa katoni imodzi kusitolo. Amayi anathyola nthambi ya mbwemba umene ndinalongera pansi pake, ndipo komiti inandipatsa khasu ndi mzere wangawanga m'munda wa ujamaa mpaka sukulu itatsegulira. Pa mzere uliwonse ndinkamva kulira kuja m'makutu, ndikumwetulira, ndipo zimenezi zinkawakwiyitsa kwambiri.

Anzanga amakonda kundiuza kuti mpikisanowo sunali wachilungamo. Msewu unali wotsetsereka, nsungwi zinkalemera n'kukakankha, ndipo mota inamwa mphamvu yoposa imene anaipangira. N'zoona zonsezo. Liwiro lenileni la kagalimoto kaja, ndi mabatire ake oyenera, pamalo athyathyathya, palibe analidziwa ndipo palibe adzalidziwe. Ndayesa kuwerengera ndili wamkulu, ndi mita ndi zonse, ndipo yankho limagwera penapake pakati pa galu ndi njinga, malingana ndi amene akupalasa. Koma komiti sinafunse zimenezo. Mvula yoyamba isanagwe, makiyi a chigayo anali m'thumba la amalume, ndipo anachiyendetsa zaka zambiri chigayocho osafa ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha iwo. Dzina la Bwana Spidi linakhala, koma tsopano anthu ankaliitana ataima poyera.

Masana a tsiku la mpikisanowo, msana ukundiyaka, ndinawapeza amalume kuseri kwa nyumba, kagalimoto kopserera kali pamiyendo pawo. Ndinayembekeza ukali. Anandikodola, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina womvera.

"Mphwanga, iwe unali pafupi. Ine ndinali kumbuyo, fumbi linanditchinga. Kanaipitiriradi njinga?"

Ndinati mudzi wonse unaona.

"Iwe unaona ndi maso ako?"

Ndinati ndinaona, ndipo aphunzitsi anali ataimirira pamapedulo.

"Ataimirira," anatero amalume. Anabwerezanso mawuwo motsitsa. Kenako anayamba kuseka, kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo chifuwa chitatha ndinaona misozi ikutsika m'fumbi la kumasaya. Ndinaganiza kuti akulira chifukwa ndawaotchera chuma chawo chokhacho, ndipo ndinawalonjeza kuti ndikapita ku Songea ndikawapezera mota ina. Anangopukusa mutu, n'kuti ndiwafotokozerenso, kuyambira pamkuyu.

Ndinawafotokozera, ndikuwonjezera pang'ono monga mwa magazi athu, ndipo anamvetsera ngati mwana. Ndinadabwa kuti munthu amene anatiuza nkhaniyo poyamba akufuniranji kuimva kwa ine. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu angabwere kwawo wopanda kanthu koma mawu okha, n'kuwanena kwa nthawi yaitali mpaka iye mwini osadziwanso kuti oona ndi ati. Ndi kuti pagulu lonse limene linaima pamsewu masana aja, amene ankafunitsitsa umboni kuposa tcheyamani anali munthu wotsokomola uja, wa kumapeto kwa mzere.